Magawo anayi a Sorcery! ndi mkangano wa osewera ake

Kuyambira mu Meyi 2013 mpaka mu Seputembala 2016, kampani yaing'ono ya ku Cambridge ku England yotchedwa inkle inatulutsa gemu imodzi m'magawo anayi. Dzina lake ndi Sorcery!, ndipo imakamba za munthu wa m'dziko lopeka la Analand amene watumidwa kukalanda chisoti chachifumu chimene mfiti yaikulu ya ku Mampang inaba. Magawo onse anayi anthu anawalandira bwino, koma mukafunsa amene anawamaliza kuti labwino koposa ndi liti, simumva yankho limodzi. Ena amalumbirira lachiwiri. Ambiri amati lachitatu ndiye pachimake. Lachinayi ndi limene limautsa mapiri pachigwa, ndipo chimene chimawawa anthu kwambiri m'gawo limeneli ndi batani limodzi limene opanga gemuyi anawalanda ulendo uli mkati.

Mikangano yotere imabuka pafupifupi nthawi iliyonse gemu ya mtundu umenewu ikatulutsa gawo lotsatira, ndipo gwero lake silofanana ndi la madandaulo a anthu oonera filimu yachiwiri. Woonera filimu amadandaula kuti opanga amuonongera munthu wa m'nkhani amene ankamukonda. Wosewera gemu yosankha amadandaulira munthu amene anamuumba yekha, amene anasankha yekha kuti akhale wachifundo kapena wankhanza, wotakataka kapena wamantha. Akatsegula gawo lachiwiri, chinthu choyamba chimene amafufuza n'chakuti kodi munthu wake uja akadalipo.

Gemu yowerenga

M'Chingerezi magemu amenewa amawatcha interactive fiction. Mulibe kuthamangitsa galimoto kapena kumenya mpira. Mumawerenga ndime, gemu n'kukufunsani chochita, inu n'kuyankha, nkhani n'kupitirira malinga ndi yankho lanulo. Tikamamvera nthano timavomera kuti "tili tonse" koma Kalulu amachitabe zimene wosimba wakonza. Pano wosimba amaima n'kukufunsani kuti Kalulu alowe kuphanga kapena athawe, ndipo zimene mwanenazo amazitsatadi.

Pali mabanja awiri. Loyamba ndi la magemu amene wosewera amalemba yekha lamulo, monga "tenga nyale" kapena "pita kumpoto". Linayamba ndi Colossal Cave Adventure ya Will Crowther mu 1976, imene Don Woods anaikulitsa mu 1977, kenako kunabwera Zork, yopangidwa ndi anyamata anayi a pa yunivesite ya MIT ku America: Tim Anderson, Marc Blank, Bruce Daniels ndi Dave Lebling. Banja lachiwiri ndi la kusankha pa mndandanda umene wolemba wakukonzerani, ndipo linakulira m'mabuku osindikizidwa, momwe ndime iliyonse inkatha ndi mawu okuuzani nambala ya ndime yoti mupiteko.

Sorcery! ndi ya banja lachiwirili. Poyamba anali mabuku anayi a Steve Jackson wa ku Britain, yemwe anayambitsa mndandanda wa Fighting Fantasy pamodzi ndi Ian Livingstone mu 1982. Asakusokonezeni ndi Steve Jackson wina wa ku America, nayenso wopanga magemu; ndi anthu awiri osiyana. Mabuku anayiwo anatuluka pakati pa 1983 ndi 1985, ndipo lomaliza linali ndi ndime 800, kuwirikiza kawiri ndime 400 za buku wamba la Fighting Fantasy. Chachilendo chawo chinali chakuti munthu mmodzi yemweyo ankayenda m'mabuku onse anayi, atanyamula lupanga, ndalama ndi zinthu zimene anatola m'buku lapitalo. Chachilendo china chinali matsenga 48, lililonse lili ndi dzina la zilembo zitatu: ZAP kuponya mphezi, HOT kuponya moto, ndi ena otero. Wowerenga ankayenera kuwaloweza pamtima asananyamuke, chifukwa lamulo linkaletsa kusuzumira m'buku la matsenga ulendo ukayamba.

Jon Ingold ndi Joseph Humfrey, amene anakhazikitsa inkle mu 2011, anatenga mabukuwa n'kuwaika pafoni. Anaika mapu ojambulidwa ndi Mike Schley pomwe wosewera amakoka kachidole kake kupita kumene akufuna. Ndewu anaisandutsa mpikisano woyerekeza mphamvu zimene mdani atulutse, gemu n'kumalemba yokha mmene nkhonya yagwera. Ndipo anaikamo chinthu chimene wowerenga buku aliyense ankachita mobisa, chija choika chala pa tsamba lakale kuti zikavuta abwerere. Mu gemuyi munthu amatha kubweza nkhani m'mbuyo mpaka pamalo alionse amene wadutsa, popanda chilango. Batani limeneli mulikumbukire.

Masamu amene amamanga wolemba manja

Tiyerekeze kuti wolemba akufuna kuti chosankha chilichonse chitsegule njira yakeyake, yosakumananso ndi inzake. Akapereka njira ziwiri pa mphambano iliyonse, pofika mphambano ya 10 ali ndi nkhani 1,024 zoti alembe. Pofika ya 20 zakwana 1,048,576. Akapereka njira zitatu, mphambano 10 zokha zimabala nkhani 59,049. Palibe munthu angalembe zimenezo, ndiye aliyense wolemba magemu amenewa amabera penapake.

Kubera kwake n'kwakuti njira zimasiyana pang'ono kenako n'kukumananso, koma gemu imasunga kaundula wa zimene mwachita. Imalemba kuti munapulumutsa uje, munaba mkate pamsika, muli ndi ndalama zakuti, mumapemphera kwa mulungu wakuti. Patsogolo, ndime imodzi yomweyo imayang'ana m'kaundulamo n'kusintha chiganizo apa, kutsegula khomo apo, kapena kutumiza munthu wodzakubwezerani chipongwe. Kampani ya Choice of Games, imene Dan Fabulich ndi Adam Strong-Morse anayambitsa mu 2009, inamanga magemu ake onse pa njira imeneyi, ndipo inkle inapanga chinenero chake cholembera chotchedwa ink, chimene mu 2016 inachipereka kwaulere kwa aliyense wofuna kuchigwiritsa ntchito.

M'gemu imodzi zimenezi zimayenda bwinobwino, chifukwa kumapeto wolemba amatha kumasula njira zonse kuti zibalalike, aliyense athere kwake. Vuto limabwera akaganiza zolemba gawo lachiwiri. Anthu amene anawabalalitsa aja ayenera kuwasonkhanitsanso pa tsamba loyamba limodzi. Wina anapha mfumu, wina anaikwatira, wina sanakumane nayo n'komwe, ndipo onsewa akuyembekeza kuti gawo latsopano liwadziwa.

Njira yachidule ndi kuiwala zonse. Zork inachita zimenezo. Gemu yoyambirira ya pa MIT inali yaikulu kwambiri moti sinkakwana m'makompyuta a m'nyumba a nthawiyo, ndiye kampani ya Infocom inaidula patatu: Zork I mu 1980, Zork II mu 1981 ndi Zork III mu 1982. Zork II imayambira pamalo pomwe yoyamba inathera, nyale ndi lupanga zili pompo, koma sidziwa kanthu za mmene munasewerera. Anthu a nthawiyo sankayembekeza zoposa pamenepo, chifukwa wosewera mu Zork analibe dzina kapena khalidwe loti n'kulisunga. Madandaulo awo anali pa zina. Mu Zork II, mfiti ya ku Frobozz inkangotulukira nthawi iliyonse n'kuponya tsenga loyamba ndi chilembo F, lina lokuumitsani thupi, lina lokugwetsani, ndipo munthu ankatha kutaya ntchito ya ola lathunthu popanda kulakwa kwake. Munalinso zipinda zosokoneza zimene yankho lake linali kuyenda ngati wothamanga pa bwalo la baseball. Kwa munthu wosakulira ku America ndagi imeneyo inalibe mutu, ndipo mpaka pano imatchulidwa pakati pa ndagi zodedwa kwambiri za Infocom. N'zosadabwitsa kuti timabuku ta mayankho totchedwa InvisiClues, tolembedwa ndi inki yosaoneka mpaka mutaipaka cholembera chapadera, tinkayenda malonda.

Njira ina ndi kuyesa kukumbukira pafupifupi chilichonse. Wayhaven Chronicles ya Mishka Jenkins, yofalitsidwa ndi Hosted Games, imatsata njira imeneyi. Ndi nkhani ya wapolisi wofufuza milandu m'katauni kakang'ono amene amagwira ntchito ndi anamapopa anayi, ndipo wosewera amasankha amene akufuna kugwa naye m'chikondi. Gawo lililonse latsopano liyenera kulemba chochitika chimodzi kangapo, malinga ndi amene munamusankha, kumene ubwenzi wanu wafika, ndiponso khalidwe limene munapatsa wapolisiyo. Gawo loyamba linatuluka mu 2018, lachiwiri mu 2020, lachitatu mu 2023, ndipo lachitatuli linapitirira mawu miliyoni imodzi. Okonda gemuyi amasangalala kuti munthu wawo akudziwika mpaka m'timawu ting'onoting'ono. Koma omwewo ndi amene amadandaula kuti kudikira kwatalika, ndipo ena amati akawerenga kamodzi amaona ngati nkhani yaikulu yangosuntha pang'ono. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo zili ndi gwero limodzi: mawu ochulukawo anathera m'mbali, polemba njira zimene wowerenga mmodzi sadzaziona. Walira mvula walira matope.

Sorcery! inadutsa pakati. Mukamaliza gawo, gemu imakupatsani kachinsinsi ka zilembo kotsegulira gawo lotsatira ndi munthu wanu yemweyo. Amanyamula katundu, ndalama, kamba wa paulendo, mphamvu za thupi, mulungu amene akumutsata ndi zinsinsi zimene wamva m'njira. Koma malo oyambira ndi amodzi kwa aliyense, ndipo cholinga sichisintha. Amene sanasewere gawo lapitalo amapatsidwa munthu watsopano n'kuyamba pomwepo.

Kharé

Gawo loyamba linali ulendo wodutsa m'mapiri a Shamutanti, njira yolunjika kutsogolo, yotha m'maola ochepa. Dandaulo lalikulu linali lakuti ndi lalifupi. Gawo lachiwiri, la mu Novembala 2013, linayankha dandaulo limeneli ndi mzinda wathunthu wa Kharé, doko la pa mtsinje wa Jabaji lodzaza ndi misampha, akuba ndi ogulitsa akapolo. Kuti mutuluke muyenera kutsegula chipata cha kumpoto, ndipo chimatseguka ndi mawu amatsenga a mizere inayi. Mzere uliwonse uli ndi mkulu wake wa mzindawo, ndipo akuluwo sali pa mipando yawo: wina wasanduka wopemphapempha wakhungu, wina ali m'manda.

Amene amati gawo ili ndiye labwino koposa amanena za kuthithikana kwake. Pafupifupi khomo lililonse lili ndi kanthu kuseri kwake, ndipo mapu amakulowetsani m'nyumba momwe. Amanenanso za Swindlestones, juga ya madayisi yonamizana, imene inkle inaisandutsa njira yofunsira mafunso: mukamabetcha, mnzanuyo amayankhula, ndipo mukatalikitsa masewerawo mumamva zambiri za mzindawo. Ine ndimaona kuti pamenepa m'pamene inkle inayamba kudzidalira, kusiya kungosamutsa buku n'kuyamba kulemba zakezake.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo yolimba. Misewu ya Kharé imakukankhirani kutsogolo, ndipo mukadutsa dera osapeza mzere wake, kawirikawiri simungatembenuke n'kubwerera wapansi. Munthu wosewera koyamba amatha kufika pachipata ali ndi mizere iwiri yokha. M'buku la 1984 pamenepo ulendo unali utatha, munkayambiranso tsamba loyamba. Opanga gemu anafewetsa: pachipatapo mumapatsidwa mwayi wobwezedwa m'nthawi kuti muyendenso mumzindamo, muli ndi zimene mwadziwa kale, kapena kupitirira n'kuusiya mzindawo m'mavuto ake. Ena anaona kuti nzeru imeneyi n'njokoma, chifukwa kubwereza kunasanduka mbali ya nkhani. Ena anaona kuti akuuzidwa kuti alimenso munda umene alima kale, kuwerenganso ndime zomwe zija pofuna khomo limodzi limene analiphonya.

Chimene mbali zonse ziwiri zimagwirizana ndi Flanker. M'mapiri a Shamutanti mumakumana ndi munthu wovala zakuda, wolembedwa ganyu yopha anthu, amene amakuukirani. Mukamugonjetsa mumasankha kumupha kapena kumusiya. Mukamusiya mumamupezanso ku Kharé, ndipo inkle inakulitsa mbali yake kuposa mmene inalili m'mabuku, moti amayenda nanu m'nkhani mpaka ku Mampang, ndipo kwa ena ubwenziwo umafika pa chikondi. Mukamupha, zonsezo palibe. Pa kaundula wa gemu, ichi ndi chinthu chimodzi chokha cholembedwa kuti inde kapena ayi. Koma chifukwa chakuti olemba anathira mphamvu zawo pa munthu mmodziyu, wosewera amamva ngati ulendo wonse ukumukumbukira, ngakhale kuti anthu ambirimbiri amene anakumana nawo m'gawo loyamba satchulidwanso. Chimodzimodzi ndi tizinthu ta matsenga. Matsenga ambiri amafuna chipangizo: JIG imafuna chitoliro cha nsungwi kuti mdani avine mosafuna, RAZ imafuna phula la njuchi kuti lupanga lithwe, GOB imafuna mano a zimizimu zotchedwa goblin. Chitoliro chimene munagula m'kamudzi ka m'gawo loyamba chikakupulumutsani patapita magawo awiri, mumakhulupirira kuti gemuyi siiwala kanthu. Imaiwala zambiri ndithu, kungoti inasankha bwino zoti izikumbukira.

Njoka zisanu ndi ziwiri

Gawo lachitatu linatuluka mu Epulo 2015, inkle itatulutsa kale gemu yake ina yotchedwa 80 Days mu 2014, ndipo zikuoneka kuti anali ataphunzira zambiri. Anachotsa lamulo loyenda kutsogolo kokha. Dziko louma la Baklands linatseguka lonse, munthu n'kumapita kumene akufuna, kubwerera, kuzungulira, dzuwa likutuluka ndi kulowa. Ntchito yake ndi kusaka njoka zisanu ndi ziwiri zimene zikuthamangira ku Mampang kukauza mfiti ija kuti mukubwera. Pali ya moto, ya madzi, ya nthaka, ya mphepo, ya dzuwa, ya mwezi ndi ya nthawi, ndipo iliyonse ili ndi chofooka chake chimene muyenera kuchifufuza kwa anthu a m'deralo. M'dzikomo muli nsanja zakale zounikira, ndipo mukatembenuza kuwala kwa nsanja, dera limene kwagwerako limabwerera mmene linalili kalekale: pamene panali chipululu pamamera udzu, pamene panali bwinja pamakhala mudzi wa anthu, mlatho wogumuka umaimanso.

Apa ndi pamene osewera ambiri amati mndandandawu unafika pachimake, ndipo n'zovuta kuwatsutsa. Dandaulo la ku Kharé lija, lophonya chinthu n'kulephera kubwerera, linatheratu. Koma kunabuka kagulu kena kodandaula, ndipo nthawi zambiri ndi anthu amene anakonda magawo awiri oyamba chifukwa anali nkhani yoyenda ndi liwiro. Iwo amati m'gawo lachitatu anasochera. Ankayendayenda m'chipululu osadziwa kuti njoka yotsala ili kuti, akutembenuza nsanja uku ndi uku, nkhani itaima. Anabwera kudzawerenga ulendo, n'kupezeka akusaka chinthu pa mapu.

Onani kuti palibe mwa anthuwa amene akunena kuti gemu yaiwala lupanga lake kapena ndalama zake. Katundu yense anafika bwinobwino. Chimene chinasintha ndi kaseweredwe, ndipo apa m'pamene ndimaona kuti nkhani ya magawo otsatira anthu amaimvetsa mwatheka. Timakamba kwambiri za kaundula amene gemu imanyamula kuchoka gawo lina kupita lina, koma wosewera nayenso amanyamula wakewake m'mutu: chizolowezi cha mmene amawerengera, mmene amasankhira, zimene amayembekeza kuti gemu imulola ndi zimene simulola. Kaundula wa m'mutuyu wolemba samuona, komabe akamuphwanya anthu amakwiya kuposa mmene angakwiyire ataiwalidwa dzina la bwenzi lawo. Amene anazolowera kukankhidwa kutsogolo anaona ufulu wa ku Baklands ngati kutayidwa. Amene ankanyansidwa ndi kukankhidwako anaona ngati amasulidwa.

Panalinso ena amene ufuluwo unawasandutsa akapolo. Popeza njoka iliyonse yopulumuka imakaulula za inu, ndipo gawo lachinayi limakumbukira zimenezo, anthu ofuna zonse zikhale bwino ankakana kuchoka ku Baklands mpaka ataphako zonse zisanu ndi ziwiri, akubweza nkhani m'mbuyo kambirimbiri kuti masiku asachuluke. Lonjezo lakuti zochita zanu zidzakutsatani limakometsa gemu, koma limabalanso mantha oti mwina mukuononga gawo limene simunaligule n'komwe.

Batani lija

Kwa magawo atatu, wosewera anaphunzitsidwa kuti kulakwa kulibe mtengo. Mukatsegula bokosi n'kulumidwa, mumabweza. Mukayankha mwamwano n'kuponyedwa m'ndende, mumabweza. Anthu ambiri anafika pomasewera motere dala: kuyesa njira iliyonse pa mphambano, kuona zotsatira zake, kenako n'kusankha yabwino. Ena amati kumeneko n'kubera, koma gemu yomwe ndi imene inapereka chilolezo, ndipo mbali yaikulu ya kukoma kwa Sorcery! inali kulowa dala m'mavuto kuti muone mmene olemba alembera imfa yanu.

M'gawo lachinayi, ulendo utayandikira linga la Mampang, batani lija limachotsedwa. Nkhani imapereka chifukwa chake, chokhudzana ndi ZED, tsenga la nthawi limene kuyambira m'mabuku linkatchulidwa kuti ndi loopsa ndipo palibe amadziwa bwino ntchito yake. Kuyambira pamenepo mukafa mumabwezedwa pamalo ena a m'mbuyo n'kuyendanso, mukudziwa zimene mwaphunzira, koma simungathenso kufufuta chosankha chimodzi chimene mwangopanga kumene.

Okwiya amati uku n'kuphwanya pangano. Anagula magawo atatu a gemu ya mtundu wina, ndipo pamapeto, pomwe misampha ndi yoopsa kuposa kale lonse, apatsidwa gemu ya mtundu wina. Munthu amene wasamala katundu wake kuyambira ku Shamutanti akhoza kumutaya chifukwa cha chosankha chimodzi chimene sakanatha kudziwa zotsatira zake. Amawonjezanso kuti misampha ya Steve Jackson kawirikawiri sichenjeza. Khomo lakumanzere lili ndi chuma, lakumanja lili ndi imfa, ndipo palibe chizindikiro. Misampha yotere imaseketsa ngati mungathe kubweza. Ngati simungathe, imangopweteka.

Oikira kumbuyo amayankha kuti popanda kuchotsa bataniro Mampang sakanakhala Mampang. Kwa magawo atatu mwakhala mukuuzidwa kuti malowa ndi oopsa, kuti mfiti yake ili ndi chisoti chotha kulamula maganizo a anthu. Mukanalowamo muli ndi mphamvu yofufuta cholakwa chilichonse, mantha akanachokera kuti? Iwo amati nthawi yoyamba imene anaima n'kuganiza mofatsa asanasankhe inali m'gawo lachinayi, ndipo zimene anasankha zokhudza Flanker, kapena Jann, kamunthu kamapiko kaja ka m'gawo loyamba kamene kamalepheretsa matsenga kakakhala pafupi, zinalemera chifukwa zinali zosabwezeka. Amatinso wosewera ndi munthu wa m'nkhani anakhala pa vuto limodzi: onse awiri akuzungulira m'nthawi, onse awiri atopa, onse awiri akudziwa zimene zili kuseri kwa khomo chifukwa anafapo kale pamenepo.

Ine ndili kumbali ya oikira kumbuyo pa mfundo, koma ndili kumbali ya okwiya pa kachitidwe. Kulanda wosewera chinthu chimene wachidalira ndi chida champhamvu, ndipo chimagwira ntchito m'gawo lotsatira mokha, chifukwa munthu sangamve kuwawa kwa kulandidwa chimene sanakhale nacho. Amene angayambire pa gawo lachinayi sangaone chachilendo chilichonse. Kwa iye imeneyo ndi gemu chabe yokhala ndi malamulo ake. Ululu wonse ndi wa amene anayenda ulendo wonse, ndipo olemba ankadziwa zimenezo. Anagwiritsa ntchito chizolowezi cha wosewera ngati mmene anagwiritsira ntchito Flanker, monga chinthu chobzalidwa kale choti adzakolole kumapeto.

Pamene ndikuona kuti anapsa ndi pa mtunda woyendanso. Imfa ikakubwezani, pali ndime zambiri zoti mudutsenso musanafike pomwe munafera, ndipo m'gemu yowerenga kubwereza n'kowawa kuposa m'gemu yothamanga. Wothamangitsa galimoto akabwereza msewu, manja ake amaphunzira, ndipo ulendo wachisanu umakoma kuposa woyamba. Chiganizo mukachiwerenga kachisanu sichikoma kuposa poyamba. Chala chimangogogoda kuti zidutse msanga, maso osawerenganso, ndipo mantha aja amene olemba ankafuna amasanduka kutopa. Ndi dandaulo lomwe lija la pachipata cha Kharé, kungoti ku Kharé munthu ankasankha yekha kubwerera, pomwe ku Mampang amabwezedwa asanafunsidwe.

Kuyambira mu 2016 magawowa anayamba kupezekanso pa kompyuta, ndipo anthu ambiri amene amawapeza masiku ano amawasewera motsatizana, osadikira chaka kapena ziwiri pakati monga anachitira oyamba aja. Zimenezi zimasintha mkanganowo. Amene anadikira kuchoka mu Epulo 2015 mpaka mu Seputembala 2016 anafika ku Mampang chizolowezi chitazirala pang'ono, ena ataiwala n'komwe zimene zili m'thumba mwawo ndi chifukwa chimene anasiyira Flanker wamoyo. Wosewera motsatizana amakumbukira bwino chitoliro chilichonse ndi lonjezo lililonse, ndiye malipiro a kukumbukira kwa gemu amawamva mokwanira. Koma amafikanso pa linga lija chala chake chitabweza nkhani dzulo lomweli, ndipo chimapitabe chokha pakona pomwe panali batani.